Chitseko Chimodzi, Zithunzi Zitatu

Achimwene a Zuze anatumiza ndalama kuchokera ku Joni.
Mugule penti ya buluu, anatero, buluu weniweni,
mupake chitseko cha nyumba yatsopano ya mayi,
ukatero undijambulire, Esinala,
ndione ndi maso anga.

Chitsekocho si chatsopano ayi.
Ndi chomwe chija madzi anachizula ndi felemu yomwe
n'kukachitaya m'bango kuseri kwa njanji ya ku Bangula.
Tinachisenza anthu anayi, matope ali m'mawondo.
Lachiwiri tinachipaka kawiri,
chinaumiratu nsabwe za m'masamba zisanateremo.

Ndinalawirira, nkhungu ya ku Shire idakali m'mapira,
dzuwa lisanasuzumire kutsidya.
Foni inati khethe.
Chinatuluka chitseko chozizira,
chotuwa ngati msana wa mlamba wogona m'bwato,
khoma nalo ngati ladwala malungo.
Ku Joni anayankha msanga:
Kodi pentiyo mwathiramo madzi?

Ndinabwereza dzuwa lili paliwombo,
nthawi imene mbuzi zimakana kuwoloka msewu,
akabaza atagona chagada pansi pa nimu,
mchenga ukuwotcha ngakhale wovala patapata.
Ndinawaimika mayi pakhomo, akung'ung'udza.
Chithunzi chinati mbee ngati mchere,
buluu yense wathawa,
maso a mayi alowa m'maenje awiri akuda,
mthunzi wawo wabisala kunsi kwa mapazi.
Panabwera uthenga wa mawu, wautali, wa mphindi zinayi.
Ndinamva poyamba pokha: ndalama zanga mwadya.

Batire linatha ndi mkwiyo womwewo.
Kotchajitsa, bambo Alufandika, amene kale
ankazungulira midzi pa njinga ndi kamera ya filimu,
anandilanda foni osapempha,
nayang'ana, nafwenthera kumbali.
Penti ilibe mtundu wakewake, anatero,
imachita kubwereka kwa dzuwa.
M'mawa limabwera litasamba mumtsinje, lili njenjenje.
Masana kuno ku chigwa limangokuwa, silimva za munthu.
Lidikire litope.
Ndipo ya dzulo sunalipire.

Ndinalidikira.
Ng'ombe zinadutsa zikukoka fumbi lofiira,
ana a kwa Nyathando akuthamangitsa tayala,
dzuwa linakhala pansi pa mapiri a Matandwe
ngati munthu wochokera kumunda wa thonje.
Kuwala kunabwera cham'mbali, chokwawa,
kukhuthala ngati uchi,
kunyambita njerwa imodziimodzi mpaka zonse psuu.
Chitseko sichinakhale buluu.
Chinapsa ngati jambula wa pansonga.

Koma pachithunzipo panatuluka
zimene ine ndi maso angawa sindinazione.
Mzere wopingasa, wofika m'chifuwa,
pamene thabwa linafufuma masiku atatu aja
madzi asanalizule.
Ndipo m'mphepete, kunsi kwa penti yokutira kawiri,
timabala ta mpeni wa malemu bambo,
tokwera ngati makwerero,
pamene ankatiimika chaka ndi chaka osavala nsapato.
Tanga tisanu.
Ta achimwene tisanu ndi tinayi,
kotsiriza kapitirira mzere wa madzi ndi chala chimodzi.
Kuwala kowongoka kunatibisa,
kopendeka kunatipatsa kamthunzi kalikonse.

Ndinatumiza osalembapo kanthu.

Timizere tiwiri pafoni tinasanduka buluu,
buluu weniweni,
yekhayo amene ndinamuona tsiku lonselo.
Ku Joni kunati zii.
Udzudzu unayamba nyimbo zake,
mayi anatulutsa mphasa panja poti m'nyumba munali ng'anjo,
chitseko chinada bii pamodzi ndi khoma ndi mgwalangwa,
zonse mtundu umodzi.

Pakati pa usiku foni inandiwalira kumaso.
Musapakenso.
Kenaka, patapita kanthawi:
Mawa nthawi yomweyo
uwaimike mayi pamenepo.